Soya Amene Sankagona

Banja la a Bae linali pa chakudya chamadzulo, koma Sun-rye sankadya. Ogasiti anali atayamba, nyengo imene kudziko kwawoko soya amachita maluwa. Soya wa m'mudzi monse anali atachita maluwa, pamene wawo, kuseri kwa nyumba, ankangotalika ndi kuchulutsa masamba. Mbewuyo anamusiyira ndi malemu mayi ake, ndipo anali atabzala yonse.

"Mwachulutsa manyowa," anatero apongozi ake.

"Ndi muyezo womwe uja wa chaka chatha, Amayi."

"Ndiye mbewu yatopa," anatero mwamuna wake, Deok-man. "Mawa ndizula, tibzalepo kabichi nthawi isanathe."

Sun-rye anaika supuni pansi. Akazula, mbewu ya kwawo ithera pomwepo.

Kenako kunabwera Mayi Pyo, oyandikana nawo, amene kale anali mlangizi wa zaulimi. Atamva nkhaniyo anapempha kuona mundawo. Kunkayamba kuda, ndipo nyali yamagetsi ya pamtengo inayaka, kuwalitsa munda wonse.

"Bambo a Mi-ok, nyali iyi munaika liti?" Mayi Pyo anafunsa Deok-man.

"Mu Epulo, Amayi atagwa panjirapa."

"Imayaka mpaka kucha?"

"Nanga timaidyetsa ngati ng'ombe? Imangoyaka."

Mayi Pyo anawatengera kuseri kwa nkhokwe, kumene kuwala sikunkafika. Anatukula masamba a mzere womaliza. Pansi pake panali timaluwa tofiirira. Sun-rye anagwada n'kutikhudza ndi chala.

"Mbewu ilibe mlandu," anatero Mayi Pyo. "Soya amadziwa nyengo poyeza kutalika kwa mdima. Usiku ukayamba kutalika, amachita maluwa. Uyu mwamulanda usiku, ndiye akuona ngati nthawi sinakwane."

Agogo, apongozi a Sun-rye aja, anaweramitsa mutu. "Zimitsani basi. Ine kukada ndizikhala m'nyumba."

"Ayi, Amayi," anatero Sun-rye. "Mwendo wanu sitingausinthanitse ndi soya."

"Palibe chosinthanitsa," anatero Mayi Pyo. "Tchingani mbali yoloza kumunda, kuwala kuzigwera panjira pokha. Mwachedwa, sindikunamizani, koma simunachedweretu. Pakatha masabata awiri maluwa abwera. Zokolola zichepa, koma mbewu mupulumutsa."

Deok-man anayang'ana mkazi wake. "Mayi a Mi-ok, ndinafulumira kulankhula."

Mmene Mayi Pyo ananenera ndi mmene zinadzakhalira: chaka chimenecho banjalo linakolola soya wokwanira mbewu ndi wodya pang'ono. Chomera chimamva kuwala, mdima, kutentha ndi madzi. Chikasintha khalidwe, tisathamangire kuzula. Tiyambe tafunsa chimene chasintha pamalopo, ndipo tifunsenso alangizi.

Koma zimenezo zinali m'tsogolo. M'mawa mwake Deok-man anangodula chidutswa cha lata n'kukwera makwerero, Sun-rye atawagwira pansi. Agogo anakhala pakhonde akuloza ndi ndodo.

"Tsitsa pang'ono, iwe. Ukunditchingira njira."