Kachitsotso ka Mayi Triza

Ku Nambuma munthu kachitsotso kakamugwera m'diso sankataya nthawi ndi madzi. Ankapita kwa a Fletcher, okonza njinga pamsika, amene ankakanula chikope ndi zala zawo zamafutazo n'kuuzira mwamphamvu, basi kachitsotso n'kuchoka.

Nthawi yopeta chimanga, mphepo ikuulutsa mankhusu paliponse, a Fletcher anadwala chimfine.

"Lero khalani pakhomo, bambo," anatero akazi awo, a Rhoda. "Mphuno zanuzo zikudontha ngati denga lofolera chaka chatha."

"Chimfine chili m'mphuno. Ine ndimauzira ndi pakamwa," anayankha a Fletcher, uku akukwera njinga.

Masana kunafika Mayi Triza, wotsogolera kwaya ya amayi, ataphimba diso ndi nsonga ya chitenje. A Fletcher anawakanula chikope, n'kukoka mpweya wambiri. M'malo mouzira anayetsemula, mpaka nkhuku zimene zinali pansi pa benchi zinabalalika.

"Kachoka eti?"

"Kachoka," anatero Mayi Triza akupukuta nkhope, "koma kusamba ndinasamba kale m'mawa."

Patapita masiku pang'ono, mayiwo anayamba kumva kukhosi kukanda. Sanajombe kokonzekera nyimbo. Amayi anathithikana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, mawindo otseka chifukwa cha mphepo, ndipo Mayi Triza ankayimbira aliyense pafupi ndi nkhope kuti amve bwino mawu ake.

Lamulungu la sabata yotsatira kwaya inaima kutsogolo. Ndime yoyamba inatha bwino. Yachiwiri oimba mawu okwera anayamba kutsokomola, oimba otsika n'kulandira, ndipo agogo ena osamva bwino anaombera m'manja poganiza kuti ndi kaimbidwe katsopano.

Mapemphero atatha, a Davie, mlangizi wa zaumoyo, anafufuza mpaka nkhani inakafika kwa a Fletcher.

"Kodi chimfine chimalowera m'diso?" anafunsa a Fletcher.

"M'diso, m'mphuno, m'kamwa. Chimayenda m'timadontho ta malovu mukayetsemula, mukatsokomola, ngakhale mukamaimba. Mukadwala musauzire munthu."

A Fletcher anamvera. Lolemba anamanga kansalu kukamwa. Bambo wina atabwera akusisita diso, iwo anamukhazika pabenchi, n'kutenga pampu ya njinga, n'kumuuza kuti asaphethire.

Bamboyo anayang'ana pampuyo ndi diso labwinolo, ananena kuti kachitsotso kachoka kokha, n'kunyamuka akadali wotsinzina.