Wakumeta Ndani?

Pa komboni ya esiteti ya tiyi, kumtunda kwa Luchenza, panalibe amene sankadziwa kayendedwe ka Fainess. Mwezi uliwonse pankakhala sabata imodzi imene mayiyu ankayenda chotangadza ngati bakha. Anzake othyola nawo tiyi ankamuseka, amvekere a Malizani ndi katundu, akumaliza mwana wa eni. Iye ankaseka nawo, nanga akanatani? Koma mumtima ankatukwana, chifukwa chimene chinkamuyendetsa choncho sichinali chikondi ayi, inali lezala.

Pokwatiwa, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, anankungwi anamulangiza momveka bwino. Mkazi wapabanja sadzimeta yekha kumalo obisika. Akachoka kumwezi amamumeta ndi mwamuna wake, iyenso n'kumeta mwamunayo. Wodzimeta yekha ndiye kuti akukonzera wina wakunja, ndipo umenewo ndi mlandu wothetsa banja.

Mwamuna wake Malizani, amene ankagwira ntchito ku fakitale, mwambowu ankaukonda kwabasi. Vuto linali dzanja lake. Ankatenga lezala yomwe wameta nayo ndevu sabata yonse, kupaka sopo wochapira, n'kuyamba kupala mobwerezabwereza, mokwera ndi motsika, mpaka pasalale ngati mbale. M'mawa mwake Fainess ankalowa m'munda, mame akumunyowetsa mpaka m'chiuno, epuloni ya pulasitiki ikumufunditsa thukuta, dengu kumsana, mzere ndi mzere mpaka dzuwa kupendeka. Pofika tsiku lachitatu pankatuluka tiziphuphu, tina n'kuchita mafinya, ndipo kuyabwa kwake kunali kopengetsa munthu. Ukande bwanji kapitawo ali poteropo? Zikayamba kupola, mwezi wakwananso.

Anapirira mpaka tsiku limene chotupa china chinakula ngati nzama, n'kumulepheretsa kudumpha ngalande. Anapita ku kiliniki ya pa esitetipo ali ndi mantha kuti mwina ndi matenda oyipa aja. Anapeza a Debora, nesi wa ku Rumphi wosadziwa kuzungulira nkhani. Atamuyeza anamuuza kuti palibe matenda, koma tsitsi likametedwa mopala limapindika n'kumera cholowa m'khungu. Anati ayambe wasiya lezala mpaka papole, azingodulira ndi sizasi yoyera, azisamba madzi ofunda, asamafinye, asamathire sipiriti kapena mafuta onunkhira, ndipo kabudula wamkati azivala wathonje. Akadzafuna kumetanso, lezala ikhale yatsopano, khungu lifewe kaye ndi madzi, ndipo azitsata kumene tsitsi lagonera, kamodzi basi.

Fainess anafotokoza kuti wometa si iye, ndi bambo a kunyumba. A Debora anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Khunguli ndi la ndani, lanu kapena la bambowo?"

Funsolo linamukhala pamtima ulendo wonse. Kunyumba anayesa kuwauza a Malizani mwaulemu, koma iwo anangoseka. Anati manesi a masiku ano akufuna kuphwasula mabanja a anthu, ndipo iwo sangaphunzitsidwe kumeta mkazi wawo ndi munthu wobwera. Loweruka lotsatira Fainess anakwera kabaza kupita ku Luchenza, nakagula kasizasi kakang'ono kotha kubisa m'chikhatho. Mwezi utakwana anadzitsekera kubafa masana, n'kudzidulira yekha.

Sizinabisike. Lamulungu atabwera kutchalitchi, Malizani anatulutsa lezala yake ija monga mwa masiku onse, n'kupeza ntchito yagwiridwa kale. Nkhope inasintha pomwepo.

"Wakumeta ndani?"

Fainess anayankha kuti wadzidulira yekha, ndipo anamuonetsa kasizasiko. Mwamunayo sanafune n'komwe kukayang'ana. Anati iye si mwana, akudziwa kuti pali wina, kaya ndi kapitawo, kaya ndi kalaliki wa pa sikelo. Anatenga chikwama napita kukagona kwa mnzake, n'kusiya mawu akuti banja latha pokhapokha ankhoswe amuuze zomveka. Pofika Lachiwiri komboni yonse inali itamva. Azimayi amene ankamuseka aja tsopano ankasiya kulankhula iye akafika pa mpopi. Zinamupweteka kwambiri, chifukwa banja lakelo ankalifuna, ndipo mwamuna wina sanamuyang'anepo chikwatiwire.

Ankhoswe anakumana Lamulungu linalo masana, pakhonde pa nyumba. Kuchikazi kunabwera a Raphael, atsibweni ake a Fainess, amene anapalasa njinga kuchokera ku Chimaliro. Kuchimuna kunabwera a Marita, azakhali a Malizani, mayi wa pakamwa polasa, amenenso ankalangiza atsikana ku mpingo. Malizani anayala mlandu wake mokweza mawu. A Raphael anangoti zyoli, manyazi atawagwira. Kenaka anamunong'oneza mwana wa mlongo wawoyo kuti agwade, apepese, agwire nkhuku, nkhani ithe, poti za m'nyumba siziyenera kufika pamphepo.

Fainess sanagwade. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo popeza amuna ake ayala kale za kuchipinda pabwalo, iye sabisanso kanthu. Anapempha a Marita kuti alowe naye m'nyumba akaone okha.

A Marita analowa atakwinya nkhope, okonzeka kukagwira wachigololo. Anakhalamo nthawi ndithu. Potuluka anali chete, chinthu chimene anthu sanachionepo pa mayi ameneyu. Anakhala pamphasa, nakonza chitenje chawo, kenaka ananena kuti iwo aona akazi ambiri, ndipo apa palibe mwamuna wakuba. Chimene aona ndi zipsera, zakale ndi zatsopano, zakuda bii, zina pamwamba pa zinzake, moti thupi lawo lachita tsemwe.

A Raphael anapumira m'mwamba. Anayamba kuthokoza Mulungu, n'kunena kuti ndiye basi, mwana wayera, mkamwini abwerere m'nyumba. Chatsala n'chakuti Fainess apepese podzidulira osapempha, sizasiyo aitaye, ndipo mkamwini azimeta mofatsa. Malizani anagwedeza mutu kuvomera, mtima uli m'malo, ngati kuti wapambana ndi iye.

Apo m'pamene magazi a Fainess anawira. Anapirira zaka zonsezi, amunenera zauhule komboni yonse, ndiye apepesenso iyeyo? Anakana poyera. Anati sizasi sataya, lezala siidzamukhudzanso mpaka iye mwini atafuna, ndipo ngati mwambo ukufuna dzanja la mwamuna, mwamunayo aphunzire kugwira sizasi. A Raphael anayesa kumudula, koma iye anawapempha kuti amulole afunse funso limodzi lokha. Anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Bambo a Mwai, azakhali anuwa aona kamodzi, thupi lawo lachita tsemwe. Inu mwakhala mukundimeta masana dzuwa likuwala, mwezi ndi mwezi, zaka zisanu ndi zinayi. Zilondazi simunkaziona?"

Mumtima ankapemphera kuti mwamunayo aname. Akanangoti sankaona, akanangoti maso ake anali pa lezala, iye akanakhulupirira dala, n'kukamutengera yekha chikwama chija kwa mnzakeyo.

Malizani anakanda kumutu, nayang'ana azakhali ake, koma iwo anayang'ana kumbali.

"Ndinkaona," anatero. "Koma ndinkati ndi mmene amakhalira akazi. Nanga ine ndimakonda posalala."

A Marita anagwira pakamwa. A Raphael, amene anali atayamba kale kupinda buluku kuti akwere njinga, anakhalanso pampando.

Fainess sanalire, ngakhale kuti misozi inali pafupi. Sabata yonse anakhala akukonzekera kumenyera banja lake, ndipo anali atalipulumutsa. Koma tsopano ankayang'ana munthu amene ankaona mafinya n'kupakapo sopo, ndipo anamva chikondi chikuzizira m'chifuwa mwake. A Raphael anafunsa mwachifatse ngati mkamwini angakatenge chikwama chake abwerere madzulo omwewo.

"Ayi atsibweni," anatero Fainess. "M'mawa uno banjali ndimalifuna ndi mtima wonse. Anachoka okha, ndipo akhale komweko. Akuti amafuna kumva zomveka kwa ankhoswe, azimva. Tsopano ndi ine amene ndikufuna mwezi wathunthu ndiganize ngati munthu ameneyu angandigwirenso."