Uthenga wa Mtsikana wa Nyali

A Twaibu anawerenga mabuku asanu ndi limodzi a Chingerezi m'moyo mwawo, ndipo ku Senga Bay kulibe munthu amene nkhaniyi inamuphonya. Mabukuwo anawapeza pa loji ina imene ankagwirapo ntchito yoyang'anira zipinda. Mzungu wina anawasiya pansi pa bedi chifukwa ankamulemeretsa chikwama, a Twaibu n'kuwatuta pa njinga. Lililonse linali lonenepa ngati njerwa. Anawamaliza patatha zaka zisanu ndi ziwiri, dikishonale ili pantchafu. Kuyambira pamenepo, akamatsutsana ndi anzawo padoko kapena panja pa msikiti, ngakhale nkhani ikhale ya mphepo ya mwera, ankayamba ndi mawu akuti, "Ife amene tinawerengako..."

Mabukuwo ankasimba za dziko lopeka la zilumba zoyenda, kumene mafumu amakwera mbalame zazikulu ngati minibasi ndipo amaphana chifukwa cha chitsime chimodzi. Anthu ankangogwedeza mitu mwaulemu, monga amachitira munthu wamkulu akamafotokoza maloto ake. Ndiye azungu anadzatenga mabuku omwewo n'kupanga sewero la pa kanema. Mwana wa a Twaibu, Hashim, amene ali ku Joni, anatumiza kanema, sola ndi kaflashi kokhala ndi magawo onse. A Twaibu analandira katunduyo ngati munthu amene wapambana mlandu umene unatenga zaka.

Owonera anali awiri okha: iwo ndi akazi awo, mayi Zuleka. Koma mayi Zuleka maso anachita ng'ala, ankangoona kuwala ndi mithunzi, ndipo Chingerezi chawo chinathera pa moni. Choncho tsiku lililonse, ikatha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, a Twaibu ankatseka zenera, n'kukhala pampando wawo rimoti ili m'manja, n'kusanduka maso ndi makutu a akazi awo. Ankaonetsa gawo limodzi patsiku, osapitirira, ngati mankhwala a kuchipatala.

"Akuti chiyani?" ankafunsa mayi Zuleka ali pamkeka.

"Akuti nkhondo iyamba mawa. Koma m'buku amene ananena zimenezi si iyeyu ayi. Ndi amalume ake, ali m'bwato, ndipo kunali mvula."

"Bambo a Raisa, amalume akewo akuoneka pa kanemapo?"

"Ayi. Awachotsa. Ndi chimene ndikunena."

"Ndiye asiyeni apume. Ndiuzeni za amene alipo."

Mafumu ndi nkhondo zawo mayi Zuleka analibe nazo ntchito. Iwo mtima unagwera pa mtsikana wina wa m'seweromo, amene ntchito yake inali kuyatsa nyali pamwamba pa nsanja kuti mbalame zija zisasochere pobwerera. Dzina lake linali lopotokola lilime, ndiye iwo anangomutcha mtsikana wa nyali. Ankamudziwa ndi kaseko. Mtsikanayo ankaseka ngati munthu amene akuyesetsa kuti asaseke, kenako n'kutsokomola pang'ono kumapeto.

"Wavala chiyani lero?"

"Chimalaya chotuwa chomwe chija."

"Chomwe chija? Kulibe womuchapira? Nanga wadya?"

"Sanaonetse."

"Inu mumaona zambiri koma zofunika simuziona."

A Twaibu ankadziwa bwino kumene kaseko kameneko anakamvapo. Raisa, mwana wawo woyamba, ankaseka choncho. Anamwalira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ku Lilongwe, kumene ankaphunzira kusoka. Uthenga wake unafika moipa. Mayi Zuleka anali pathandala akutembenuza usipa pamene foni inalira, ndipo munthu wina, poganiza kuti makolo anamva kale, anangofunsa kuti, "Kodi thupi la Raisa linyamuka nthawi yanji?" Mayi Zuleka anagwa pamchenga pomwepo. Pamaliro sanalire, ndipo kuyambira nthawi imeneyo palibe anaonapo msozi wawo. Chimene chinkawapweteka kwambiri a Twaibu n'chakuti iwo ndi amene anthu a m'deralo amawatuma kukanena mauthenga a maliro, chifukwa amadziwa kayendetsedwe kake. Ananyamulira uthenga mabanja ambiri, mpaka ku Maganga, koma wa m'nyumba mwawo unalowa iwo kulibe.

Tsopano vuto linali ili. M'buku lachitatu, tsamba 412, adani amayatsa nsanja ija, ndipo mtsikana wa nyali amagwa kuchokera pamwamba n'kufa. A Twaibu anawerenga tsambali katatu, mawu alionse anawayang'ana m'dikishonale, ndipo panalibe pothawira. Poona mmene sewero linkayendera, anawerengera kuti kwatsala magawo atatu.

Anaganiza zobisa kaflashi n'kunena kuti kawonongeka, koma mayi Zuleka akanamuimbira Hashim. Anaganiza zodumpha gawolo, koma mawa lake akanafunsidwa kuti mwana uja ali kuti. Pomaliza anaona kuti njira ndi imodzi yokha, yomwe ankaidziwa bwino kuposa wina aliyense. Uthenga wa imfa saponya ngati mwala. Umayamba ndi matenda. Kenako matendawo amakula. Tsiku lonena, munthu amayamba wadya, n'kukhazikidwa pansi, mayi mnzake ali pambali.

Lolemba, gawo lili mkati, a Twaibu anakonza kukhosi.

"Mayi a Raisa, mtsikana wanu uja sindikumuona bwino masiku ano."

"Watani?"

"Nkhope yatuwa."

Pa kanema mtsikanayo anali kukwera masitepe awiriawiri, atanyamula chigubu cha mafuta paphewa.

"Koma akumveka ngati akuthamanga."

"Odwala ena amatero. Amadzilimbitsa."

Lachiwiri anawonjezera kuti zinthu kunsanja kuja sizili bwino kwenikweni, ndipo munthu ayenera kukumbukira kuti tonse ndife a Mulungu. Mayi Zuleka anati, "Muli ndi mawu inu." A Twaibu anayankha kuti mawu alibe, akungocheza.

Lachitatu m'mawa anapita kwa mayi Charity, oyandikana nawo nyumba, mayi wa ku Chitala amene amagulitsa tomato pamsewu. Anapereka moni wonse bwinobwino, n'kufotokoza chimene abwerera.

"A Twaibu, dikirani kaye," anatero mayi Charity. "Womwalirayo ndi wa kuti?"

"Wa mu kanema."

"Wa mu kanema."

"Eya. Sanamwalire kaye. Amwalira madzulo ano."

Mayi Charity anaseka mpaka kugwira mulu wa tomato kuti usagwe. "Ndiye chipepeso tikapereka kwa ndani? Kwa rimoti?"

A Twaibu anadikira kuti amalize. Kenako ananena motsitsa mawu kuti, "Amaseka ngati Raisa."

Mayi Charity analeka kuseka. Tsiku lija pathandala iwo ndi amene anawadzutsa mayi Zuleka pamchenga.

"Ndifike nthawi yanji?"

"Ikangotha Asiri. Muonetsetse kuti masana adya."

Madzulo a tsikulo a Twaibu anavala mkanjo woyera umene amavala Lachisanu lokha, ndi chisoti chake. Sanakhale pampando. Anakhala pansi, kumapeto kwa mkeka, rimoti n'kuiika pambali. Mayi Charity analowa ngati ongodutsa, n'kukhala mogundana ndi mnzawo. Mayi Zuleka anamva fungo la mkanjo wa m'sutikesi, anamva phewa la mayi Charity, ndipo anapinda miyendo bwinobwino, manja n'kuika pamaondo.

"Mayi a Raisa," anayamba a Twaibu, "ndabwera ndi mawu."

"Ndikumva, bambo."

"Mukudziwa kuti mwana wathu uja wa kunsanja masiku apitawa sanali bwino. Adani anamuzungulira. Anthu anayesetsa. Iyenso anayesetsa, nyali sanaisiye mpaka pomaliza. Koma mphamvu za munthu zili ndi polekezera." Anapuma, monga amachitira nthawi zonse pamalo amenewa, kuti womvayo afike yekha pakhomo asanamutsegulire. "Watisiya. Sanavutike nthawi yaitali. Ndinati musamve kwa wina, mumve kwa ine, muli pakhomo panu."

"Inna lillahi," ananong'ona mayi Zuleka.

Kenako analira. Kunayamba pang'onopang'ono, ngati munthu amene waiwala poyambira, kenako kunatuluka konse. Mayi Charity anawagwira, nawonso misozi ili mbwembwembwe. A Twaibu anayang'ana pansi. Dzina limene akazi awo ankatchula polira silinali la mu kanema, ndipo iwo sanakonze.

Kulirako kunamveka kunja. Posakhalitsa amayi atatu anali pakhomo, zitenje atamanga kale m'chiuno. A Twaibu anatuluka kukawafotokozera kuti pakhomo pano palibe maliro enieni, koma kuti uthenga wokha ndiwo wafika. Amayiwo anayang'anizana. Mmodzi anafunsa ngati ayambe kutunga madzi. Anabwerera kwawo akutembenukatembenuka, ndipo zimene anakanena kumeneko a Twaibu anadzazimva mawa lake padoko, zitakula kale.

Atalowanso anapeza mayi Zuleka akupukuta nkhope ndi nsonga ya mpango.

"Yatsani," anatero.

"Tikhoza kudumpha gawo limeneli. Palibe chokakamiza."

"Yatsani. Ndimuperekeze."

Anayatsa. Zonse zinayenda monga mwa buku, ndipo a Twaibu ankafotokoza ndi mawu ofatsa. Adani afika. Aponya moto. Masitepe agwa. Mtsikana ali pamwamba, wakumbatira nyali. Njerwa imene waponda yasweka.

"Wagwa," anatero a Twaibu, n'kutseka maso.

"Iii! Yamuwakha!" anakuwa mayi Charity. "Chimbalame chija! Chamuwakha m'malere!"

A Twaibu anatsegula maso. Mbalame yaikulu yotuwa inali kuuluka pamwamba pa nyanja, mtsikana ali lendelende m'zikhadabo zake. Inakamutula pamchenga. Anagona kanthawi osagwedezeka, kenako anadzuka, n'kuyang'ana nyali imene inali idakali m'manja mwake. Anaseka, n'kutsokomola pang'ono.

Mayi Zuleka anawongoka. "Ameneyo ndi iyeyo."

"Zosatheka," anatero a Twaibu.

Anadzuka, n'kukatenga buku lachitatu pamwamba pa kabati. Anatsegula tsamba 412, n'kuwerenga mokweza m'Chingerezi, ngati kuti kanemayo amva n'kuchita manyazi.

"Apa palibe mbalame! Mbalame imeneyi inafa m'buku lachiwiri, ndinaiika m'manda ndekha! Anthu awa sanawerenge. Angotenga ntchito ya munthu wamkulu, zaka ndi zaka akulemba, n'kumaisintha ngati ndi siketi ya pakaunjika. Ife amene tinawerengako..."

"A Twaibu," anatero mayi Charity, "mwavalira mkanjo munthu wamoyo."

"Bambo a Raisa," anaitana mayi Zuleka. Nkhope yawo inali italoza kumene kunkachokera mawu a amuna awo, ngakhale inaphonya pang'ono. "Ine sindiona. Chingerezi sindimva. Buku likuti wamwalira, kanema akuti ali moyo. Amene munawerenga ndinu. Ndiuzeni chimodzi, ndigwire chimenecho."

A Twaibu anayang'ana bukulo. M'mphepete mwa tsambalo munali timawu tawo ta pensulo, tolembedwa zaka zapitazo. Anayang'ananso akazi awo, maso ofiira, chala chikupota nsonga ya mpango.

Anatseka buku.

"Ali moyo."

"Nanga wolemba uja?" anafunsa mayi Zuleka.

"Anamva uthenga wolakwika. Zimachitika. Sanali pomwepo."

Mayi Charity anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Alhamdulillah," anatero mayi Zuleka. Anapumira m'mwamba, mpweya wautali. "Mwandiliritsa, bambo inu."

"Ndalakwa. Ndinafulumira."

"Simunalakwe. Misozi ija inali ndi mwini wake." Anapapasa pamkeka mpaka anapeza bondo la amuna awo, n'kulisisita kawiri. "Mwanena bwino. Mmene amanenera."

A Twaibu anavula chisoti, n'kuchiyang'ana mkati ngati muli cholembedwa, n'kuchivalanso.

"Tsopano bwezani m'mbuyo," anatero mayi Zuleka. "Pamene akudzuka paja. A Charity anangokuwa, sindinamve kanthu. Mundiuze bwinobwino, osathamanga."

A Twaibu anatenga rimoti, n'kuphonya batani kawiri asanalipeze.

"Wagona chammbali, pamchenga," anayamba. "Mchenga wake ngati wathu womwewu, koma wakuda pang'ono. Tsitsi lapsa mbali imodzi. Tsopano akugwedeza dzanja lamanzere."

"Lavulala?"

"Lakalika pachigongono. Pang'ono."

"Pali munthu pafupi woti amuthandize?"

A Twaibu anasuzumira pafupi ndi kanema. "Kukubwera mayi wina chapatali, wanyamula mtsuko. M'buku mayi ameneyu..." Anaima. "Akuthamanga. Afika posachedwa."