Tsekwe wa a Pellow

M'tauni ya Ludlow aliyense ankadziwa kuti a Ambrose Pellow, mphunzitsi wopuma pantchito, akumasulira m'Chingerezi buku lakale la Chilatini lonena za nkhondo za Aroma. Analiyamba tsitsi lili bii. Tsopano mutu unali mbuu, koma buku osatha.

Vuto linali tsekwe. Masiku amenewo anthu ankalembera nthenga, ndipo a Pellow sankagwira nthenga ina koma ya kuphiko lamanzere la Dona, tsekwe wawo wamkazi, yemwe ankamukonda ngati mwana wobala okha. Tsono kumeneko, pa tsiku la Mikayeli Woyera, banja lililonse limadya tsekwe wootcha. Akazi awo, mayi Thomasine, anali atagamula kalekale kuti, "Mukadzangomaliza bukulo, Dona akulowa mu uvuni."

Ndiye munthu amalize bwanji? Mzere umodzi ankaupotokola sabata yathunthu, asilikali a Aroma ali chiimire m'mbali mwa mtsinje, kudikira kuti a Pellow awawolotse.

Kenaka kunabwera a Lunt, osindikiza mabuku a ku London, atatopa ndi malonjezo. Anakhala pampando n'kuvula nsapato.

"Bambo, ine pano sindichoka mpaka Aroma anuwo awoloke."

Anawolokadi. A Pellow analemba mawu omaliza misozi ili chuchuchu, tsiku la Mikayeli litayandikira.

Posowa chochita, ndiponso pofuna kulondera mpeni kuti usafike pakhosi pa Dona, anasamukira kukhitchini. Kuvundukula mapoto, kulawa msuzi, kuphunzitsa mayi Thomasine momwe Aroma ankaphikira buledi. M'manja mwa mayi aja mbale zinkangolira ndi mkwiyo.

Tsiku litakwana, a Pellow anakhala patebulo mtima uli m'mwamba. Mayi Thomasine anatulukira atanyamula chinthu cholemera chokutidwa ndi nsalu, n'kuchitula kuti phi. A Pellow anatsinzina. Kenaka anavundukula nsaluyo, ndipo anapeza chibuku chonenepa kuposa Dona yemwe.

"Ndabwereka kwa abusa," anatero mayiwo. "Yambani kumasulira limeneli. Uvuni udikira mpaka mudzamalize."

"Koma mayi, ichi ndi Chigiriki. Ine Chigiriki ndimachita chokwawa."

"N'chifukwa chake ndasankha limenelo."

Panja Dona analira, wamoyo ndi waphokoso ngati kale. A Pellow anafuna kuwagwira dzanja akazi awo, koma iwo anawalozera chitseko.

"Tulukani m'khitchini mwanga, mupite kwa tsekwe wanuyo. Ndipo musathamange nalo bukulo, mwamva?"