Nsima Yoyeza pa Sikelo

Chiutsekereni mgodi wa ku Kabwe, amuna ambiri a ku Kasanda anaonda, koma a Weston okha ndiwo ananenepa. Zaka zisanu ndi chimodzi anali pakhonde, kukonza njinga ndi mawailesi a anthu, munthu amene kale ankakonza mapampu akuluakulu pansi pa nthaka, mumgodi womwe bambo awo anadzera kuchokera ku Dedza. Mkazi wawo Alefa ankakazinga zitumbuwa zogulitsa kumsika, ndipo zopserera ndi zopindika zonse zinkathera mkamwa mwa bambo. Alefa sankaonapo cholakwa. Mimba ya mwamuna wakeyo inali ulemu wake, umboni woti m'nyumbamo muli mkazi.

Ndiye kunabwera kalata. Kampani ina yomwe inagula mgodi wa boma ku Copperbelt inkafuna amisiri akale a mapampu, ndipo dzina la a Weston linalipo. Chotsala chinali kuyezedwa m'thupi basi. A Weston anapita atavala jekete losamangika mabatani, nabwerako nkhope ili pansi. Dokotala anati thupi lachuluka, magazi akuthamanga kwambiri. Anawapatsa masabata khumi kuti achotse makilo asanu ndi imodzi, apo ayi malowo atenga wina.

"Bashi Tracy," anatero Alefa, powaitana ndi dzina la mwana wawo monga amachitira a ku Kabwe, "nkhani ya nchito iyi isatuluke pakhomo pano. Mwayi ukaulengeza usanapse, anthu amauponda. Mwamvera?"

A Weston anamvera. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu za ukwati anali ataphunzira kumvera msanga.

Tracy, mwana wawoyo, ankataipa makalata a anthu m'kashopu kena m'tauni, ka mayi wina wa ku Highridge amene ankamulola kugwiritsa ntchito kompyuta nthawi ya nkhomaliro. Tracy yemweyo ndiye anabweretsa nzeru. Anati pa chimbale china cha kompyuta chimene chinabwera ndi magazini panali mapulogalamu atatu owerengera makalori, kutanthauza mphamvu imene chakudya chimasiya m'thupi. Alefa sakanalola mwana kusankha yekha chinthu chokhudza mbale ya mwamuna wake. Anatseka benchi yake kumsika, napita kushopuko akununkhira mafuta okazingira, nakhala kutsogolo kwa kompyuta ngati wabwera kudzagula nkhuku.

"Iyi yoyamba iziba vakudya vambiri maningi, amami," anatero Tracy.

"Ifunse nshima."

Tracy anataipa. "Ilibe."

"Kapenta?"

"Ilibe."

"Chibwabwa? Chikanda? Manje iziba chani kansi?"

Inkadziwa mitundu makumi anayi ya tchizi. Alefa anangoti tseka, sanabwere kudzaseweretsedwa. Yachiwiri inkayeza zonse ndi miyeso ya ku Amereka, mapaundi ndi timakapu, ndipo inkalira ngati belu munthu akalakwitsa, zimene zinamunyansa Alefa chifukwa sakonda kudzudzulidwa pagulu. Yachitatu inali yosaoneka bwino, zilembo zoyera pabuluu, yopanda n'chithunzi chomwe. Nayonso nsima sinkaidziwa, koma inali ndi malo oti munthu aiphunzitse chakudya chatsopano.

"Iyi ndiye," anatero Alefa. "Siiziba, koma ifunsa. Ni ya ulemu."

Namwino wina wa kutchalitchi anawapatsa pepala losonyeza mphamvu ya ufa, nyemba, tinsomba ta kapenta ndi masamba, ndipo Tracy anaphunzitsa pulogalamuyo kudya ngati munthu wa ku Kasanda. Alefa anatenga sikelo yake yoyezera fulawa naiika pakhonde lakuseri, pomwe pamawala bwino. Mtanda uliwonse wa nsima unkayamba wakwera sikelo usanafike pambale ya bambo. Ukapitirira, ankaubudula. Ankalemba zonse m'kope, Lachisanu lililonse Tracy n'kukazilowetsa m'kompyuta. Masana a Weston ankapita kokayenda, monga analamulira dokotala.

Masabata atatu oyamba zinayenda. Makilo atatu anapita, khosi linayamba kuoneka, batani limodzi la jekete linamangika. Alefa ankayimba pokazinga.

Kenaka zinaima. Sabata lachinayi palibe chinachoka, lachisanu chimodzimodzi, ndipo lachisanu ndi chimodzi kilo imodzi inabwerera kwawo. Alefa anakwiya zenizeni. Anapita kushopu nanena kuti pulogalamu yaulemu ija ndi yabodza, aisinthe. Tracy anapirira, nasandutsa zonse za m'kope kukhala mapaundi ndi timakapu, nazilowetsa mu ija yolira belu. Yankho linali lomwelo: munthu wodya chonchi ayenera kumatsika.

"Amami, kompyuta iwerenga chabe vamene mwaiuza," anatero Tracy mosamala. "Ngati adadi akudya kwinangu, siingazibe."

Kwinangu! Alefa anabwerera kunyumba mtima uli phaphapha. Mwamuna wodya kwina amadya kwa yani? Anaganiza za akazi onse a ku Kasanda mmodzimmodzi, ndipo aliyense anamupezera mlandu. Mawa lake sanapite kumsika. A Weston atatuluka kokayenda, iye anafunda chitenje kumutu nawatsatira chapatali, akubisala kuseri kwa mipanda.

A Weston sanayende n'komwe. Nyumba yachitatu, a Febian, mnzawo wa mumgodi, anawaitana, ndipo mkazi wawo anatulutsa tiyi ndi mbatata. A Weston anakana kamodzi, anakana kawiri, kachitatu anasamba m'manja. Pakona, Ethel wogulitsa chikanda, chakudya cholimba cha mizu yosinja ndi nsinjiro, anawadulira chibenthu chachikulu nawakankhira m'dzanja osalankhula kanthu. Alefa kuseri kwa mpanda ankawerengera makalori chamumtima, mano ali gwa. Kenaka bambo analowera kanjira kopita ku milu ya dothi la mumgodi, kunyumba ya mayi Clementina, mayi wamasiye amene ankakhalira kutola zitsulo zakale m'miluyo. Mayiwo anawakhazika pampando, nabwera ndi mbale ya nsima ndi mazira awiri okazinga.

Apa Alefa analephera kupirira. Anatulukira chitenje chili m'manja.

"Bashi Tracy! Uku ndiye kuyenda kwamene anakamba dokota?"

A Weston anaima ndi nthongo m'manja, pakamwa pali yasa. Koma mayi Clementina sanadzidzimuke. Anapukuta manja, namuyang'ana Alefa ndi chisoni chimene chinamusokoneza, namuitana nayenso ndi dzina la mwana wake.

"Bana Tracy, nkhalani pansi. Musachite manyazi, tonse tinapitamo. Tinakuonani."

"Munaniona chani?"

"Pa sikelo. Ethel ndiye anayamba kuona, kuseri kwanu kuja, mupima nshima ya amuna anu, mubudulako. Naine n'napita n'naona na maso yanga. Tinakambirana kuti pa nyumba paja vinthu vavuta, koma bana Tracy ni munthu wosapempha. Ndiye tinagawana masiku."

Alefa anafuna kuseka, anafunanso kukalipa. Anayang'ana mwamuna wake.

"Nanga imwe, pakamwa munalibe?"

"Munaniletsa kukamba za nchito," anatero a Weston motsitsa mawu. "Manje n'kanakana bwanji? Amai aba nkhuku ali nazo zibili chabe. Munthu akupatsa dzira lamene afunika kugulitsa, iwe ukambe kuti uli pa dayeti?"

Mayi Clementina anakhala pamwala. "Amuna anga a Kingstone, mugodi utatsekedwa, anayamba kuyonda," anatero. "Aliyense akafunsa, anali kuyankha kuti tili bwino. Naine n'nali kuyankha chimodzimodzi. Kanshi chakudya chao anali kusiyira bana, ine osaziba. Pamene matenda yanabwera, yanapeza thupi lilibe kanthu. Kuchokera apo n'nalumbira kuti mwamuna wa mu mugodi sazayonda pa njira yanga ine nili kuona."

Alefa anachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso. Iye ankabisa mwayi wake poopa nsanje ya anthu awa, pamene iwo ankadzimana kuti adyetse mwamuna wake. Anakhala pansi pafupi ndi mayiwo, nafotokoza zonse: kalata, dokotala, makilo, kompyuta yodziwa tchizi. Pofika pa tchizi mayi Clementina anali akuseka mpaka kutsokomola, misozi ili m'masaya, ndipo anatuma mawu kuti Ethel ndi a Febian abwere adzamve okha.

Kunatsala masabata anayi ndi makilo anayi. Kuyambira tsiku limenelo a Weston anaona zakuda. Msewu wonse umene unkawadyetsa unasanduka apolisi. Akapita kwa a Febian ankalandira madzi, kenaka a Febian n'kuvala nsapato kuwaperekeza wapansi mpaka ku Makululu ndi kubwerera. Ethel akawaona ankavundikira chikanda chake. Tsiku lina a Weston anatola mtedza pang'ono pamaliro, ndipo asanafike n'kunyumba komwe nkhani inali itafika kale, Alefa atailemba m'kope. Tracy anati chiyambire pulogalamu ija sinalandirepo malipoti okwanira chonchi.

"Ku mugodi kunali bwino," ankadandaula a Weston. "Kapitao anali mmodzi."

Tsiku loyezedwa, Alefa anawaperekeza kuchipatala. Ankaganiza kuti ali awiri, koma potsika minibasi anapeza Ethel, a Febian ndi mayi Clementina atakhala kale pansi pa mtengo panja pa geti, mayiwo atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. A Weston analowa. Panapita ola lathunthu. Alefa ankangopotokola ngodya ya chitenje.

A Weston anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, pepala lili m'manja, nkhope yosawerengeka. Anafika pamtengo paja, nayang'ana onse mmodzimmodzi, dala, mpaka Ethel anakuwa kuti akambe asanamuphe ndi mtima.

"Napasa. Niyamba nchito pa wani mwezi wa mawa," anatero.

Nthungululu inamveka mpaka mlonda wa pageti anatulukira. A Febian anawakumbatira mnzawo, amuna awiri akuluakulu akulira poyera osasamala za anthu. Mayi Clementina okha sanaimirire. Anapempha pepalalo, naligwira ndi manja awiri nthawi yaitali ngakhale kuwerenga kunkawavuta, kenaka analibweza, nayang'ana Alefa mwamantha pang'ono.

"Bana Tracy, manje ningabaphikireko? Kamodzi chabe, akalibe kuyenda ku Copperbelt."

Alefa anawagwira dzanja nawadzutsa.

"Iyayi, amai. Lelo muzadya kwathu, ndipo imwe ndiye muzayamba kusamba m'manja."