Botolo la Ukwati wa Ruba

"Mayi, m'chikwamamu muli botolo. Litulutseni," anatero msilikali wofufuza katundu pabwalo la ndege la ku Beirut.

Wadiha, mayi ake a Ruba, anafungatira chikwamacho. Mlamu wake Najla, amene anali atadutsa kale, anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Make Ruba, ndinakuuzani chiyani dzulo? Diresi ndi mankhwala m'chikwama cha m'manja, zamadzimadzi zonse m'sutikesi. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu!"

"Ndinamva, alamu. Koma simunaone mmene amaponyera masutikesi? Ngati matumba a simenti."

Wadiha anatulutsa thawulo m'chikwamamo n'kulimasula pang'onopang'ono, botolo lija n'kuonekera. Munali madzi a maluwa a malalanje. Malemu mwamuna wake Fawzi ndiye anawatcheza yekha, chaka chimene matenda anamugwetsa. Potseka botololo anati, "Awa udzamuwaze Ruba tsiku la ukwati wake." Tsopano Ruba ankakwatiwa ku Kupro, kutsidya kwa nyanja, chifukwa mnyamata womukwatirayo anali wa chipembedzo china, ndipo kwawoko ukwati wotere ndi wovuta kumanga. Abale onse, kupatula Najla, anakana kupita. Dalitso la bambo ake linali m'botolomo basi.

"Lakula kwambiri, mayi, silingalowe m'ndege," anatero msilikaliyo. "Bwererani mukaliike m'sutikesi, apo ayi litayeni umu."

"Sutikesi inapita kalekale, ndipo anthu ayamba kukwera," anatero Najla.

"Mwana wanga, si mowa uwu, si poizoni. Tanunkhiza wekha," anachonderera Wadiha.

"Ndikuwadziwa, mayi. Ngakhale kwathu ku Saida timatcheza. Koma lamulo si langa."

Anthu pamzere anayamba kung'ung'udza. Wadiha anayang'ana mgolo wa zinyalala, mmene munali mabotolo a zakumwa ndi mafuta odzola. Fawzi wake alowe mmenemo? Zinamuwawa koopsa.

"Nanga zimene munthu wavala, nazonso mumalanda?" anafunsa.

"Ayi."

Anavula mpango wake wakuda, n'kutsegula botolo, n'kuyamba kuthira pampangopo, m'tsitsi, pachifuwa. Fungo linadzaza malo onse ndipo ong'ung'udza aja anangoti zii. Najla, misozi ili chuchuchu, anavula wakenso mpango.

"Thiraninso apa. Anali mchimwene wanga."

Ku Kupro anapeza Ruba akuwadikira pakhomo lotulukira. Ruba anathamanga n'kuwakumbatira mayi ake, kenako anangouma, nkhope ili mumpango muja.

"Amama, fungo la ababa ili. Botolo lija mwabwera nalo?"

Wadiha anamusonyeza botolo lopanda kanthu.

"Ndakulakwira, mwana wanga. Sindidzakuwaza mawa."

Anavula mpango uja, udakali wonyowa, n'kumufunditsa Ruba kumutu.

"Nunkhiza lero lomwe, Ruba. Pofika mawa ukhala utauma."