Skander Atawerenga Ali Chiimire

Madesiki aataliwo anafika pasukulu yathu ku Sfax nthawi yokolola maolivi. Ahedi athu, amene mwaulemu wa kwathu kuno timawatchula kuti Si Moncef, anati akuofesi ya maphunziro akufuna aone ngati ana angaphunzire bwino atachepetsa kukhala pansi. Ine, amene mawu anga a tsiku ndi tsiku anali akuti "khalani pansi", anandipatsa angapo kuti ndiike kumbuyo kwa kalasi yanga. Analibe mipando. M'munsi mwake munali kachitsulo kogwedera kopondapo phazi.

Sabata yoyamba ana ankachita kulimbirana. Yachiwiri miyendo inayamba kuwawa, ambiri n'kubwerera kumabenchi. Anatsalako ndi Yosra, mtsikana wolongolola, ndi Skander, mwana wa msodzi.

Skander anali ndi chibwibwi choopsa. Ukamufunsa dzina lokha, nsagwada zinkauma, maso n'kutsinzina, liwu osatuluka. Anzake ankamutcha Wailesi Yakufa. Pabenchi ankangotakataka ngati wakhalira linthumbu, koma pa desiki lalitali anapeza pake: phazi pa kachitsulo, thupi likupendekera uku ndi uku osalekeza.

Tsiku lina tinkawerenga nkhani ya mvula yoyamba m'chipululu. Ndinaloza Yosra. Anayamba bwino, kenako anakakamira pa liwu lina lalitali.

"Aphunzitsi, liwu ili lili ndi minga," anatero, anzake n'kuseka.

Wina anatchula liwulo, bwinobwino, ndipo sanalekere pomwepo. Anapitiriza mzere wonse, n'kulowa wotsatira. Linali liwu losasa pang'ono koma lokoma, loti sindinalimvepo m'kalasi mwanga, moti ndinayamba ndayang'ana kukhomo poganiza kuti kwalowa mlendo. Nditacheuka ndinaona Skander, chala pa buku, thupi likugwedezeka, mawu akungotuluka ngati madzi a pampopi.

"Eee, wailesi yayaka!" ananong'ona Yosra. Palibe anaseka.

Choko chinandigwa m'manja. Belu la buleki linalira, koma buledi wa tsabola ndi nsomba anakhalabe m'zikwama. Mnyamatayo anamaliza tsamba, n'kudzutsa mutu, n'kuona maso onse ali pa iye. Anachita mantha.

"Nda... nda... ndalakwa?"

"Sunalakwe, mwanawe," ndinatero.

Ndinaitanitsa bambo ake. Bamboyo, Si Lotfi, anabwera m'mawa mwake molunjika kuchokera kudoko, mamba a nsomba ali m'mikono.

"Wapalamula chiyani, aphunzitsi? Ndiuzeni ndikathane naye."

"Imani pazenera apa, bambo. Asakuoneni."

Ndinalowa, n'kumuuza Skander kuti awerenge. Anaponda kachitsulo kaja, n'kuyamba. Nditatuluka ndinapeza bamboyo atavula chipewa, atachigwira pachifuwa.

"Liwu limeneli ndimalidziwa," anatero chapansipansi. "M'boti amalankhula chonchi, mafunde akamatigwedeza. Amandisimbira nkhani mpaka ndimamuuza kuti akhale chete, athawitsa nsomba. Tikangoponda pamtunda, basi, pakamwa tseke. Mayi ake amati ndimanama. Ine ndinkayesa ndi nyanja imachititsa." Anapukuta maso ndi chipewa. "Musamuletse. Ndikubwera."

Munthu wamkulu ndithu, anathamanga ngati kamwana. Anabwerera ndi mkazi wake, Lella Najet, ufa uli m'manja, akudandaula njira yonse kuti wasiya mphika pamoto. Mayiyu sanafune za pazenera. Analowa m'kalasi, n'kukaima pa desiki lina lalitali lopanda munthu.

Skander atawaona mayi ake, thupi linauma gwa. Phazi linaima, liwu n'kuthawa. Milomo inkangonjenjemera pa chilembo chimodzi.

Yosra ndiye anayamba. Anaponda kachitsulo kake, n'kumapendekera uku ndi uku akumuyang'ana mnzakeyo. Mnyamata wina wa kutsogolo anadzuka pabenchi nayenso n'kuyamba kugwedezeka. Wina, winanso. Posakhalitsa kalasi yonse inali chilili, ikupendekera mbali imodzi pang'onopang'ono, popanda wotsokomola ngakhale mmodzi. Ngakhale Si Moncef, amene anabwera kudzafunsa za phokoso la mabenchi, anangoima pakhomo kukamwa yasa.

Phazi la Skander linayambanso kuyenda. Anakoka mpweya, n'kuwerenga.

Lella Najet anagwira m'mphepete mwa desiki ndi manja onse awiri. Sanalire. Mwana atamaliza, anangoti, "Bwerezanso, mwananga. Uyambire poyamba penipeni."

Chibwibwi sichinathe ayi. Akakhala pansi chinkabwerera, ndipo masiku ena ngakhale ali chiimire ankavutika. Koma mayeso owerenga a chaka chimenecho anakhoza ataimirira. Sukulu itatsegulira chaka chotsatira, Si Moncef mwiniwake anagwira mbali imodzi ya desiki lija, Si Lotfi mbali inayo, n'kulikweza masitepe kupita nalo kukalasi yatsopano ya Skander.